Third Lanark: timu yomwe inabadwira pa perete

Kummwera kwa mzinda wa Glasgow ku Scotland, kamtunda pang'ono kuchokera pa bwalo lalikulu la Hampden, kuli paki yotchedwa Cathkin. Mlendo akangolowa amaona mitengo, udzu ndi anthu oyenda ndi agalu awo. Akasunthira mkati ndi pomwe amadzidzimuka. Pansi pa mitengoyo pali masitepe a konkire ozinga bwalo la mpira mbali zitatu, ndipo pa masitepewo padakali zitsulo zomwe ochemerera ankatsamira poonera masewero. Mizu yang'amba konkire ija, masamba ouma adzaza m'mizere momwe munkaima anthu. Mu 1954, anthu oposa 45,000 anathinana pamalo amenewa kudzaona Rangers ikulimbana ndi eni bwalo.

Eni bwalowo anali Third Lanark. Timuyi inatengapo ligi ya Scotland, inanyamulapo chikho cha Scottish Cup kawiri, kenako inafa mu 1967 ngongole zitaifika m'khosi. Lero dzinali lili pa malaya ofiira a anyamata osewera mosalipidwa, omwe mkati mwa sabata amakhala ku ntchito zawo, n'kumakumana ndi matimu anzawo kumapeto kwa sabata m'maligi ang'onoang'ono a ku Glasgow. Womva dzinali koyamba salephera kufunsa kuti: yachitatu pa chiyani? Si pa ligi, si pa mndandanda wa matimu a mumzindawo. Nambalayi ndi ya gulu la asilikali, ndipo nkhani yake imayambira ku Paris, pa bomba.

Madzulo a pa 14 Januwale 1858, Mtaliyana wina dzina lake Felice Orsini pamodzi ndi anzake anaponya mabomba atatu pa ngolo ya Napoleon III, mfumu ya France, ikupita ku nyumba ya zisudzo. Mfumuyo inapulumuka, koma anthu ena anafera pomwepo ndipo ambiri anavulala. Zitadziwika kuti chiwembucho chinaphikidwira ku England ndipo mabombawo anapangidwa ku Birmingham, akuluakulu ena a asilikali a France anayamba kulankhula zoopseza Britain. A ku Britain mtima unali m'mwamba, ndipo panali zifukwa. Dzina la Napoleon linali lisanazizire m'makutu mwawo, popeza bambo ake aakulu a mfumuyi ndi omwe anawavutitsa mpaka kudzagonja ku Waterloo mu 1815. Asilikali awo ambiri anali kutali ku India, komwe kunabuka kuukira kwakukulu mu 1857, nkhondo ya ku Crimea itangotha kumene. France inali mkati momanga La Gloire, sitima yankhondo yokutidwa ndi zitsulo, ndipo mu 1859 inalowa m'nkhondo yolimbana ndi Austria. Ambiri ankati ikathana ndi Austria itembenukira kutsidya kwa nyanja.

Pa 12 Meyi 1859 nduna yoona za nkhondo, Jonathan Peel, inalembera kalata oimira mfumukazi m'maboma kuti alole anthu wamba kupanga magulu a asilikali odzipereka. Boma silinkafuna kutulutsa ndalama. Wofuna kulowa ankadzigulira yekha yunifolomu ndi zida, n'kulumbira kuti adani akadzaponda dzikolo adzatuluka kukawathira nkhondo. Malipiro panalibe. Masana munthu ankakhala kalaliki, mmisiri kapena wogulitsa m'sitolo. Madzulo ndi Loweruka ankapita kukaguba ndi kukaphunzira kuwombera chandamale.

Glasgow, yemwe nthawi imeneyo anali m'boma la Lanarkshire, analandira nkhaniyi ndi manja awiri. Magulu ankabadwa malinga ndi ntchito kapena dera: la ogwira ntchito m'mabanki, la maloya, la osungunula zitsulo m'mafakitale, ngakhale la anthu a mabungwe oletsa mowa. Gulu lililonse linkalandira nambala potsata nthawi yomwe lavomerezedwa, ndipo ku Lanarkshire nambalazi zinapitirira 100. Nambala 3 inagwera anthu a kummwera kwa mtsinje wa Clyde. Pasanapite nthawi timagulu tina ta mbali yomweyo tinaphatikizidwa pansi pa nambalayo, n'kukhala gulu limodzi lalikulu lotchedwa 3rd Lanarkshire Rifle Volunteers.

Kwa Mmalawi, Lanarkshire si dzina lakutali kwenikweni. Blantyre wa ku Scotland, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813, ali m'dera lomweli, m'mphepete mwa Clyde yemweyo, ndipo chaka chomwe anthu akwawo ankagula mfuti poopa Afalansa ndi chomwenso iye anafika pa nyanja ya Malawi.

Afalansa sanabwere. Odzipereka aja anatsala ndi yunifolomu zawo, mfuti zawo ndi maperete. Mu Ogasiti 1860 Mfumukazi Victoria inayendera perete wa odzipereka oposa 20,000 ku Edinburgh. Mu 1881, mumzinda womwewo, pafupifupi 40,000 anaguba mvula ikuwakhuthukira, moti perete ameneyo mpaka lero amadziwika kuti Wet Review. Koma chomwe chinkawakoka anyamata kubwerera ku holo ya gulu sabata ndi sabata sichinali mantha a nkhondo, omwe anali atazilala kale. Kunali mipikisano yowombera, bandi, madansi, masewero olimbitsa thupi ndi macheza. Yemwe akudziwa momwe perete wa asilikali a KAR anaberekera malipenga ndi mganda m'midzi ya kuno sangadabwe kumva kuti ku Glasgow perete anabereka mpira.

Zinachitika motere. Pa 30 Novembala 1872, pa bwalo la kiriketi la Hamilton Crescent ku Partick, Scotland ndi England anasewera mpira woyamba wovomerezeka pakati pa maiko awiri. Anthu pafupifupi 4,000 anaonera, ndipo masewerowo anatha opanda womwetsa mnzake. Osewera onse a Scotland anachokera ku timu ya Queen's Park, koma ena mwa iwo, monga Billy MacKinnon ndi Joseph Taylor, analinso a 3rd Lanarkshire Rifle Volunteers. Anzawo a pa perete anachita kaso. Patangopita masiku 12, pa 12 Disembala, anakumana mu ofesi ya gulu lawo pa Howard Street n'kugwirizana zoyambitsa timu yawoyawo.

Asilikaliwa anali ndi zinthu zomwe anyamata ena a mumzindawo ankazisowa. Anali ndi bwalo losalala loguba pa Victoria Road, lomwe linasanduka bwalo lawo loyamba la mpira. Anali ndi chipinda chochitiramo misonkhano, anthu ozolowera kulemba maminitsi ndi kutolera zopereka, komanso chizolowezi chofika pa nthawi yake ndi kumvera woimba wezulo. Malaya anasankha ofiira piriwiri, mtundu wa majekete omwe msilikali wa Britain ankadziwika nawo, ndipo mayina ogemedwa a timuyi anachokera komweko: Redcoats, Warriors. Lina, lomwe linafala kuposa onse, ndi Hi Hi. Omwe amakamba chiyambi chake amati wosewera wina wa kumbuyo anaumenya mpira kuuponya m'mwamba kwambiri mpaka kutuluka m'bwalo, ndipo anthu anayamba kukuwa mawu amenewo osaleka.

Timuyi sinachedwe kukhala pakati pa akuluakulu. Mu Malichi 1873 inali imodzi mwa matimu asanu ndi atatu omwe anakhazikitsa bungwe loyendetsa mpira ku Scotland, Scottish Football Association. Mu 1876, chaka chomwe amishoni a Church of Scotland anamanga misasa yawo yoyamba pa Blantyre wa kuno, asilikaliwa anafika mu ndime yomaliza ya Scottish Cup n'kugonja kwa Queen's Park. Mu 1878 anafikanso, Vale of Leven n'kuwathira chimodzi.

Chikho chinabwera mu 1889, ndipo chinabwera mwa njira yakeyake. Pa 2 Febuluwale, tsiku la ndime yomaliza, bwalo linali litakwiririka ndi chipale chofewa. Matimu awiriwo, Third ndi Celtic yomwe inali mu chaka chake choyamba cha mipikisano, anadandaula masewero asanayambe kuti bwalo siloyenera, komabe anasewera poti anthu anali atadzaza kale. Third inamwetsa zitatu kwa duu. Bungwe linagamula kuti abwereze. Sabata yotsatira Third inapambananso, 2 kwa 1, osasiya mpata woti wina anene kuti chipale ndi chomwe chinawathandiza. Bwalo lomwe anasewerapo linali Hampden wachiwiri, kwawo kwa Queen's Park. Bwalo limenelo ndi Cathkin wa lero uja wa mitengo.

Koma mpira unali kusintha msanga kuposa perete. Ligi ya Scotland inayamba mu 1890, Third ili m'gulu la oiyambitsa, ndipo mu 1893 kulipira osewera kunaloledwa poyera. Wosewera wogulidwa kuchokera kwina analibe chifukwa chogubira Lachitatu madzulo kapena cholumbirira kwa mfumukazi; ntchito yake inali zigoli. Mu 1903 zinthu zinangolembedwa momwe zinalili kale. Timuyi inasanduka kampani ya masheya, inadula ubale wake ndi gulu la asilikali, n'kutenga dzina lalifupi la Third Lanark Athletic Club. Chaka chomwecho Queen's Park inasamukira ku Hampden wachitatu, ndipo Third inatenga bwalo lomwe anasiyalo n'kulitcha New Cathkin Park. Mawu oti Rifle Volunteers anachotsedwa, koma nambala ija palibe yemwe anaikhudza. Mu 1904 timuyi inatenga ligi, ndipo mu 1905 inathambitsa Rangers 3 kwa 1 pa masewero obwereza n'kunyamula Scottish Cup kachiwiri.

Kuchokera apa, dzina limodzi linayenda njira ziwiri, ndipo njira ya asilikali ndi yomwe ochemerera ambiri saidziwa.

Kuyambira 1881 gulu la odzipereka lija linali litalumikizidwa ku gulu lalikulu la asilikali enieni lotchedwa Cameronians (Scottish Rifles). Ili linali gulu la mbiri yachilendo, yomwe a mpingo wa CCAP angaimve msanga. Linakhazikitsidwa mu 1689 ku Douglas, m'Lanarkshire momwemo, kuchokera mwa otsatira a Richard Cameron, mlaliki wa Chipresibiteriya yemwe anaphedwa mu 1680 chifukwa chokana kuti mfumu ilamulire mpingo. Anthu akewo ankapemphera mobisala m'mapiri, ena atayima ndi zida kulondera. Pokumbukira zimenezo, a Cameronians ankalowa m'mapemphero ndi mfuti zawo, alonda atayima kunja. Odzipereka a nambala 3 anamanga holo yawo pa Coplaw Street ku Govanhill, ndipo nkhondo ya Mabunu itabuka ena mwa iwo anadzipereka kupita ku South Africa pakati pa 1900 ndi 1902. Mu 1908 boma linasintha kayendetsedwe ka odzipereka onse n'kupanga Territorial Force, ndipo 3rd Lanarkshire Rifle Volunteers inasanduka bataliyoni ya nambala 7 ya Cameronians. Kuyambira chaka chimenecho, malo okha omwe nambala 3 inatsala ndi pa bwalo la mpira.

Nkhondo yomwe ankaidikira kwa zaka zoposa makumi asanu inawapeza mu 1915, ndipo mdani sanali Mfalansa. Bataliyoni ya 7 inatsika pa gombe la Gallipoli ku Turkey chapakati pa mwezi wa Juni, ili mbali ya 52nd Lowland Division. Pa 28 Juni, patangotha sabata ziwiri, chigawo chawo chinalamulidwa kuthamangira ngalande zobisalamo za asilikali a Turkey pafupi ndi chigwa chotchedwa Gully Ravine. Mizinga yambiri inali itaperekedwa ku chigawo china chakumanzere kwawo, choncho mfuti zachiwaya zomwe zinali patsogolo pawo zinali zosakhudzidwa. Bataliyoni ya 8, ya anzawo a ku Glasgow, inatsogola ndipo inapululuka m'kanthawi kochepa. Mkulu wa chigawo chonsecho, William Scott-Moncrieff, anatenga a nambala 7 kuti alowe m'malo mwawo, ndipo iye mwini anaphedwa akuwatsogolera. Dzuwa lisanalowe, mazana a amuna a mabataliyoni awiriwa anali atafa, atavulala kapena atasowa. Anali makalaliki ndi amisiri a m'misewu yomweyo yomwe anthu ankadutsa popita ku Cathkin. Otsala anapitiriza nkhondo ku Egypt, ku Palestine, mpaka ku France mu 1918.

Mbiri imeneyi ndiyo imapatsa dzina la Third Lanark kulemera komwe zikho zokha sizingapereke. N'zomvetsa chisoni kuti m'nkhani zambiri za timuyi, asilikali amangotchulidwa m'chiganizo choyamba, ngati chokometsera, kenako n'kuiwalika.

Timu ya mpira inapitiriza, nthawi zina pamwamba, nthawi zina pansi. Mu 1923 inakwera sitima kukasewera ku Argentina ndi Uruguay, nthawi yomwe ulendo wotero unkatenga masabata. Mu 1936 inafikanso mu ndime yomaliza ya Scottish Cup, Rangers n'kuibwezera ndi chigoli chimodzi. Pa Cathkin panadutsa mayina omwe anadzatchuka kwina: Ally MacLeod, yemwe anadzatengera Scotland ku World Cup ya 1978 ngati mphunzitsi, ndi Bob Shankly, mkulu wake wa Bill Shankly wa Liverpool, yemwe anaphunzitsapo timuyi.

Chaka chomwe okalamba a kummwera kwa Glasgow amachikamba mpaka lero ndi cha 1960–61. Mphunzitsi anali George Young, yemwe kale anali kaputeni wa Scotland, ndipo kutsogolo kunali anyamata asanu omwe mayina awo anthu ankawatchula ngati nyimbo: Goodfellow, Hilley, Harley, Gray ndi McInnes. Pa tsiku lomaliza la ligi anathira Hibernian zigoli 6 kwa 1, kukwanitsa zigoli 100 mu masewero 34. Alex Harley yekha anamwetsa 42. Third inamaliza pa nambala yachitatu, pamwamba pa Celtic.

Zaka zisanu ndi chimodzi zokha zinakwanira kugwetsa zonsezo. Kumapeto kwa 1962 Bill Hiddleston, wamalonda yemwe anali atachotsedwapo kale mu komiti, anabwerera ali ndi masheya okwanira kulamulira kampani, ndipo George Young anatula pansi udindo. Omwetsa zigoli anali kugulitsidwa mmodzimmodzi: Hilley ku Newcastle United, Harley ndi Gray ku Manchester City. Mu 1964–65 timuyi inagonja masewero 30 mwa 34 n'kutuluka mu ligi yaikulu ndi mapointi 7. Osewera a nthawi imeneyo anadzafotokoza kuti malipiro ankabwera mochedwa, nthawi zina ali makobili otengedwa pa geti, ndipo mipira yakale inkapakidwa utoto woyera kuti ioneke yatsopano.

Chaka cha 1967 ndi chomwe mpira wa Scotland unafika pachimake, ndipo ndi chomwenso Third Lanark inaikidwa m'manda. Pa 15 Epulo Scotland inagonjetsa England, akatswiri a dziko lonse, 3 kwa 2 ku Wembley. Pagolo panali Ronnie Simpson, yemwe ali mnyamata anagwirirapo Third Lanark. Tsiku lomwelo, pa Cathkin panafika anthu 297 okha kudzaona Third ikusewera ndi Clydebank. Pa 25 Epulo anasewera komaliza pakhomo, kulepherana 3 kwa 3 ndi Queen of the South, timu yomwe nayonso inapangidwa mu 1919 pophatikiza matimu atatu, imodzi mwa iwo ili ya asilikali. Pa 28 Epulo anagonja 5 kwa 1 ku Dumbarton, ndipo chigoli cha Drew Busby chinakhala chomaliza. Pa 25 Meyi Simpson yemwe uja ananyamula European Cup ndi Celtic ku Lisbon. Mu Julayi khoti ku Edinburgh linalamula kuti kampani ya Third Lanark ithetsedwe, omanga shedi yatsopano ya pa Cathkin atasuma kuti sanalipidwe. Hiddleston anamwalira chaka chisanathe, ndipo kafukufuku wa boma yemwe anatuluka mu 1968 anapeza kuti ndalama ndi mabuku a kampaniyo zinkayendetsedwa mwachinyengo. Maganizo omanga nyumba pa bwalolo anakanidwa ndi khonsolo ya mzinda, n'chifukwa chake masitepe aja adakalipo.

A Cameronians sanakhalitse pambuyo pake. Boma litaganiza zochepetsa asilikali, iwo anapatsidwa mwayi wophatikizana ndi gulu lina, koma anakana, n'kusankha kuthetsedwa ali ndi dzina lawo. Pa 14 Meyi 1968 anachita mapemphero awo omaliza panja ku Douglas, komwe anayambira, alonda atayima m'mbali monga mwa mwambo. M'miyezi yosakwana khumi ndi iwiri, kampani ya mpira ndi gulu la asilikali zonse zinatha.

Mayina a matimu amasunga zinthu zomwe eni ake amaiwala. Ku Mzuzu anthu amachemerera Moyale Barracks, koma si onse omwe amakumbukira kuti Moyale ndi tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia, komwe asilikali a KAR ochokera ku Nyasaland analimbana ndi Ataliyana mu Julayi 1940. Kusiyana kwake n'kwakuti Moyale Barracks idakali m'manja mwa asilikali, pomwe dzina la Third Lanark linasiyidwa popanda mwini.

Omwe analitola anali anthu wamba. Mu 1996 dzinali linabwerera pa timu ya achinyamata, ndipo patapita zaka zingapo panabadwa timu ya akuluakulu osewera mosalipidwa, yomwe inalowa m'maligi a ku Glasgow itavala zofiira. Khumbo lake lalikulu, lomwe imalinena poyera, ndi lobwerera pa Cathkin ngati kwawo. Odzipereka ena, ambiri mwa iwo obadwa timu yoyamba itafa kale, akhala akupita ku pakiyo ndi mafosholo ndi mabulashi, kupala masitepe ndi kupakanso utoto wofiira pa zitsulo zija.

Alipo omwe amati iyi si Third Lanark yeniyeni, chifukwa yeniyeni inatsekedwa ndi khoti. Pa malamulo a makampani akunena zoona. Pa mbiri akulakwitsa. Yomwe khoti linatseka ndi kampani ya 1903. Timu ya 1872 sinali kampani ndipo sinkalipira aliyense. Inali ya amuna omwe ankaweruka ku ntchito atatopa, n'kusonkha ndalama za m'thumba mwawo kugula malaya ofiira, monga momwe odzipereka a 1859 anagulira yunifolomu ndi mfuti. Anyamata omwe akuvala malaya amenewo lero, popanda malipiro ndiponso popanda chikhamu cha ochemerera, akufanana ndi omwe anakumana pa Howard Street kuposa momwe akatswiri a 1961 anafananira nawo, ndipo dzinalo likuwayenera.